Kodi Pascal ndiye adayamba kupanga makina owerengetsera?

Mphunzitsi wina wa masamu wanditumizira imelo. Akuti buku limene amagwiritsa ntchito m'kalasi limati makina oyamba owerengetsera adapanga ndi Blaise Pascal wa ku France, koma wophunzira wina wawatsutsa kuti kudali munthu wa ku Germany amene adayamba kale. Akufuna kudziwa kuti wolondola ndani.

Aphunzitsi, mwanayo musamudzudzule, akunena zoona. Munthu amene akumutchulayo ndi Wilhelm Schickard, yemwe ankaphunzitsa Chihebri pa yunivesite ya Tübingen. Mu 1623, chaka chomwe Pascal adabadwa, Schickard adalembera kalata mnzake Johannes Kepler, katswiri wa zakuthambo uja, kumuuza kuti wapanga makina a magiya otha kuphatikiza ndi kuchotsera manambala. Kepler nthawi imeneyo n'kuti ali kalikiliki kuwerengetsera pamanja kayendedwe ka mapulaneti, choncho nkhaniyi idagwera munthu woyenera. Mu 1624 Schickard adalembanso kalata ina yokhala ndi zojambula, koma idali ndi uthenga woipa: makina amene mmisiri ankapangira Kepler adapsa ndi moto asanathe. Schickard adamwalira ndi mliri mu 1635, nkhondo ili m'kati m'dziko lake, asanasindikize chilichonse chofotokoza makinawo. Dziko lidadzamva bwino za iye mu 1957, wofufuza wina, Franz Hammer, atalengeza zimene adapeza posanthula zolemba za Kepler.

Nanga n'chifukwa chiyani mabuku amakonda Pascal? Chifukwa iyeyo adalemba poyera, ndiponso adali ndi akuluakulu kumbuyo kwake. Adayamba ntchitoyi mu 1642, asanakwanitse zaka 20, pofuna kupeputsa bambo ake amene ankayang'anira zamisonkho ku Rouen. Ndalama za ku France zidali zosautsa kuwerenga: madenier 12 ankapanga sol imodzi, masol 20 n'kupanga livre imodzi. Mu 1645 Pascal adapereka makina ake kwa Pierre Séguier, nduna yaikulu ya zamalamulo, pamodzi ndi kalata ndiponso kabuku kofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake.

Kabukuko ine kamandisangalatsa, chifukwa wolembayo sabisa mkwiyo. Akudandaula za wokonza mawotchi wina wa ku Rouen amene adangomva za makinawo n'kupanga ake ooneka bwino kunja koma osagwira ntchito. Pascal adapsa mtima mpaka kuchotsa amisiri ake onse, ndipo akadasiyiratu pakadapanda Séguier kumulimbikitsa. Mu 1649 adalandira chikalata cha mfumu choletsa wina aliyense kupanga makina otere popanda chilolezo chake. Ndiye padali Gilles de Roberval, pulofesa wa masamu ku Paris, amene adavomera kumaonetsa makinawo kwa ofuna kugula. Taganizani, pulofesa wathunthu kusanduka wotsatsa malonda! Komabe ogula adali ochepa, poti mtengo udali wokwera.

Wina asaganize kuti Pascal adatchuka ndi pakamwa pokha. Vuto lalikulu pa makina otere ndi lomwe ana anu amalidziwa bwino: kusunga 1. Mukaphatikiza 1 ku 9999, mawilo anayi ayenera kutembenuka motsatizana, lililonse kukankha linzake. Pamakina a Schickard dzino limodzi la giya ndilo linkasenza katundu yenseyo, ndipo manambala akachuluka akadatha kukanirira. Pascal adaika kachitsulo kamene kamakwera pang'onopang'ono wilo likamazungulira, kenako n'kugwa ndi kulemera kwake n'kukankha wilo lotsatira. Adayesa mitundu pafupifupi 50 asanakhutire, ndipo palibe umboni woti adamvapo za Schickard.

Gottfried Leibniz, katswiri wa masamu wa ku Germany amene adapanganso makina owerengetsera, naye adaona kufunika kwa akatswiri anzake. Mu 1673 adatenga makina ake a matabwa, osatha bwinobwino, kukaonetsa ku Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi ku London. Robert Hooke, mmodzi wa akatswiri a kumeneko, adawapeputsa, koma bungwelo lidamulandira Leibniz kukhala membala chaka chomwecho.

Tsono m'kalasi mungawauze kuti Schickard ndiye woyamba amene tili ndi umboni wake wolembedwa, pomwe Pascal ndiye woyamba kuonetsa makina ake kugulu ndi kuwagulitsa. Angapo mwa makina a Pascal akusungidwabe m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Musée des Arts et Métiers ku Paris. A Schickard amene mungaone pazithunzi ndi ochita kupanganso cha m'ma 1960, potsata zojambula zake.