Masabata otsiriza a teremu yachitatu ndi tsiku loitana mayina

Mphunzitsi wina wa Sitandade 7 wandilembera imelo kufunsa zoti achite ndi ana ake m'masabata awiri otsiriza a chaka, pamene mayeso alembedwa kale, aphunzitsi ali kalikiliki kuchonga mapepala, ndipo ana akungosesa pabwalo kudikira tsiku lotsekera sukulu. Aphunzitsi, kalata yanu ndinaiwerenga kangapo ndisanayankhe, chifukwa inandibwezera ku tsiku limene lakhala likundivutitsa mumtima kwa zaka 30.

Ndinali mu Sitandade 6 m'chaka cha 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale ndipo chiwerengero cha ophunzira m'dziko muno chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Pakati pa amene anakhamukira kusukulu kwathu panali mnyamata wina wamkulu kuposa tonsefe, amene anali atakhala pakhomo zaka zitatu chifukwa makolo ake analibe ndalama ya fizi. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, atatsamira khoma, poopa kutchinga ife ang'onoang'ono. Chingerezi chinkamuvuta kwambiri, koma manja ake ndi mutu wake zinkadziwa zinthu zimene ife sitinkazidziwa. Ankamata chubu cha njinga ya aphunzitsi athu, ankapanga galimoto za mawaya zokhota bwinobwino, ndipo akayang'ana nkhokwe ankanena matumba a chimanga amene angatulukemo osaphonya patali. Ine masamu a magawo ndinawamvetsa tsiku limene iyeyo anandidulira nzimbe pofotokoza, osati tsiku limene analembedwa pabolodi.

Pa tsiku lotsekera tinasonkhana pansi pa mtengo wa kachere, makolo atakhala mbali imodzi, ife mbali ina. Mphunzitsi wamkulu anayamba kuitana mayina kuyambira nambala wani, amayi akululutira, ena akuthamanga kukanyamula ana awo. Atatha okhoza anatembenuza pepala nanena kuti otsatirawa alephera ndipo abwereza, kenaka anawaitana mmodzimmodzi mpaka wotsiriza, amene anali mnzanga uja. Ana a makalasi apansi anayamba kukuwa kuti wagwa, wagwa, ndipo iye anadzuka, napukuta fumbi pakabudula wake, n'kuchoka mwambo usanathe. Mayi ake anali pomwepo, atazolika. Sukulu itatsegulidwanso malo ake akukhoma anali opanda munthu, ndipo tinamva kuti anapita kukagwira ntchito kumaesiteti a fodya. Ine ndinali m'gulu la okhoza, ndinalandira kope ndi pensulo, koma sindinamutsatire kukamulankhula, ndipo chimenechi chimandipweteka mpaka lero.

Ndichifukwa chake ndikunena mosapita m'mbali kuti mwambo woitana mayina a olephera pagulu ndi woipa ndipo uyenera kutha. Ena amati manyazi amalimbikitsa mwana kuti chaka chamawa alimbikire, koma ine sindinaonepo mwana amene anayamba kumva Chingerezi chifukwa choti wasekedwa pamaso pa mudzi wonse. Amene ndinawaona ndi ana amene anasiya sukulu. Mwana wa zaka 13 kapena 14 ndi munthu wozindikira ulemu wake, ndipo pamene zimene sukulu yamupatsa pakutha pa chaka ndi chitonzo chokha, ganyu, msika kapena banja zimaoneka ngati malo amene angakalandiridweko bwino.

Tiyeneranso kudzifunsa kuti kodi mwana amene timati walepherayo walephera chiyani kwenikweni. M'sukulu zambiri za boma mwana amaphunzira m'chiyankhulo chakwawo m'makalasi oyambirira, koma akafika Sitandade 5 mabuku a sayansi, ulimi ndi masamu amakhala m'Chingerezi, ndipo ambiri amene amagwa m'makalasi apamwamba sagwa chifukwa chosadziwa mmene nyemba imamerera, koma chifukwa funso lenilenilo sanalimve. Silabasi imene a Malawi Institute of Education ku Domasi anakonza, yomwe inayamba kulowa m'sukulu mu 2007, inatsindika kuti mwana aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse, komabe pa tsiku lotsekera timabwerera ku mndandanda umodzi wochokera pa mayeso a sabata imodzi. Ndikudziwa chimene chimatikankha. Kutsogoloku kuli mayeso a PSLCE, otsiriza pulayimale mu Sitandade 8, a bungwe loona za mayeso la MANEB, malo ku sekondale ndi ochepa, ndipo kholo lililonse limafuna kuti mwana wake asankhidwire ku sukulu yogonera konko osati ku sekondale yoyendera yapafupi (CDSS). Motero ngakhale mu Sitandade 7 nthawi ya luso, nyimbo ndi masewero imalandidwa kuti ana abwereze mapepala a mayeso akale, ndipo mwana waluso la manja amatha zaka zisanu ndi zitatu popanda tsiku limodzi loti luso lake lionekere. Sindikudzudzula mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi limodzi, koma ndikukana kuvomereza kuti palibe chimene tingasinthe.

Palinso nkhani ya tchuthi chachitali chimene chimatsatira teremu yachitatu. Iyi ndi nyengo ya zinamwali ndi maukwati m'madera ambiri, ndipo ngakhale malamulo a dziko lino anakonzedwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18, atsikana a makalasi apamwamba amasowabe sukulu ikatsegulidwa mu Seputembala. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, koma ntchito yoti mwana asachoke n'komwe imayambira pa mawu otsiriza amene wamva kwa mphunzitsi wake mu Julaye.

Tsono muchite chiyani?

Choyamba, aphunzitsi, abwezereni ana mapepala awo ndipo mukonze nawo limodzi mafunso amene ambiri analakwa, pofotokoza m'Chichewa pamene pakufunika kutero, chifukwa mayeso amene mwana sanaone pamene analakwa sanamuphunzitse kanthu. Masiku otsalawo agaweni m'magulu osakaniza okhoza ndi ovutika. Gulu lina liyeze bwalo la mpira ndi chingwe n'kupeza kukula kwake, lina likonze nazale ya mitengo yodzabzala mvula ikagwa mu Disembala, lina likacheze ndi agogo a m'mudzi za mmene sukuluyo inayambira n'kulemba zimene lamva, ndipo lina likawerengere nthano ana a Sitandade 2. Pa tsiku lotsekera makolo aone ntchito zimenezi pamodzi ndi magule ndi ndakatulo, okhoza bwino ayamikiridwe ndithu, koma zotsatira za mwana aliyense ziperekedwe papepala m'manja mwa kholo lake. Kambiranani zimenezi ndi mphunzitsi wamkulu komanso komiti ya sukulu sabata ino, ndipo pemphani amayi a gulu loyang'anira atsikana kuti adziwe mayina a ana amene mukuwadera nkhawa.

Ana amene abwereze muwaitane paokha tsikulo lisanafike, muwauze nokha ndi pakamwa panu, ndipo muwauzenso tsiku lotsegulira ndi kuti mudzawayang'ana pamzere m'mawa umenewo. Muyambe ndi wamkulu uja amene amakhala kumbuyo atatsamira khoma.