Simulation ikaphulika musathamangire kugula kompyuta ina

Imelo ya mlongo wina amene akupanga masters ndayiwerenga katatu. Akuti simulation yake (kuyerekezera pa kompyuta) ya madzi oyenda m'paipi ikungophulika, ndiye kuti ikusokonekera, manambala kusanduka NaN (chizindikiro choti yankho si nambalanso), ndiye akufunsa ngati vuto ndi laputopu yofooka kapena mutu wake.

Achemwali, ine ndinadutsa momwemo. Miyezi itatu yathunthu ndinkasiya OpenFOAM, pulogalamu yopangira ma simulation otere, ikugwira ntchito usiku wonse, fani ikulira, m'mawa kudzuka kupeza ma residual, manambala oonetsa kukula kwa cholakwika chotsala, akwera m'malo motsika, mpaka ndinayamba kudzikayikira kuti mwina zimenezi si zanga. Tsiku lina mnzanga wa mu labu anangosuzumira pa sikirini n'kundifunsa, "Courant number yako ili pati?" Nambala imeneyi imaonetsa tizigawo tingati madzi akudutsa pa sitepe imodzi ya nthawi, ndipo yanga inali pa 7. Ndinali nditachepetsa kukula kwa tizigawo ta mesh (ukonde wogawa paipi m'tizigawo) pafupi ndi khoma la paipi koma time step (kutalika kwa sitepe ya nthawi) osaisintha, ndiye madzi amadumpha tizigawo tambirimbiri pa sitepe imodzi, solver yowerengera masamuwo n'kusokonekera. Lamulo loti madzi asamadumphe tizigawo chonchi akatswiri a masamu Courant, Friedrichs ndi Lewy analilemba mu 1928, makompyuta athuwa kulibe.

Komatu chimandiwawa ine ndi china. Bola simulation yophulika, imakuuza poyera kuti pali cholakwika. Yoopsa ndi ija yomaliza bwinobwino, kutulutsa chithunzi chokongola chofiira ndi chabuluu, anthu kuomba m'manja chonsecho manambala ndi abodza. Chithunzi si umboni ayi, apa sindisuntha. Wasayansi Osborne Reynolds mu 1883 ku Manchester anathira utoto m'paipi yagalasi n'kuona ndi maso ake kamzere ka utoto kakuyenda mowongoka, liwiro litakwera kakubalalika. Koma ife timatenga zotsatira za kompyuta osaziyerekeza ndi kanthu. Ndipo musadzione operewera, ma equation a Navier-Stokes ofotokoza kayendedwe ka madzi tikulimbana nawowa mpaka lero palibe watsimikiza kuti mu 3D amakhala ndi yankho losalala nthawi zonse, Clay Mathematics Institute inaikapo madola 1 miliyoni mu 2000 kwa amene adzathane nawo.

Ndiye mupange chani

Zogula laputopu ina zisiyeni kaye. Chepetsani time step mpaka Courant itsike pansi pa 1, pangani checkMesh (chida cha OpenFOAM choyeza ngati mesh ili bwino), onaninso ma boundary condition (zomwe mwauza kompyuta kuti zikuchitika m'malire) polowera ndi potulukira madzi. Yambani ndi Reynolds number (nambala yoonetsa ngati madzi akuyenda mowongoka kapena mobalalika) yosafika 2,000, pamenepo liwiro la pakati pa paipi liyenera kukhala kawiri la avareji. Zikagwirizana, chulukitsani tizigawo muone ngati yankho likusintha, za turbulence, madzi obalalika aja, mubwere nazo pambuyo pake.