Masiku 100 a yoga uli pa ulendo: yankho kwa achemwali a ku Chinamwali

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Wapeza ntchito yoyendayenda m'maboma kwa miyezi 6, ndipo walumbira kuti achita yoga, masewera owongola thupi motsatana ndi kapumidwe, masiku 100 osadumphitsa. Akufunsa ngati zimenezi n'zotheka.

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, chifukwa lumbiro limeneli nanenso ndinalumbirapo, ndipo linandiliza.

Ine yoga ndinaiyamba chifukwa cha msana. Ndinkagwira ntchito ya kafukufuku, lero Liwonde, mawa Balaka, sabata ya mawa Dedza. Mukuidziwa minibasi yathu: kupanikizana pa mpando, chikwama pa miyendo, ukatsika kabaza akudikira kuti akugwedeze m'misewu ya fumbi. Pofika madzulo ndinkalephera kuwerama kuti ndimasule nsapato. Mnzanga wina ndiye anandionetsa Surya Namaskar, kutanthauza moni kwa dzuwa, magawo 12 otsatizana ndi mpweya. Tinkayeserera pa kapinga wa ku Botanical Garden ku Zomba, madzi a Mulunguzi akumveka chapafupi, mame atanyowetsa chitenje. Patatha milungu itatu ndinaona kuti ndikudzuka pabedi osagwira khoma.

Chimwemwe chimenecho n'chimene chinandipangitsa kugula kope ndi kujambulamo timabokosi 100. Tsiku lililonse ndikamaliza ndinkachongamo. Ndinachitira yoga kuseri kwa kalasi ya pulayimale, pakhonde la resitihausi, ngakhale m'kachipinda komwe bedi linkagunda chitseko. Tsiku la 38, pa ulendo wa ku Karonga, basi inatifera panjira. Tinafika pakati pa usiku, magetsi atazima, pansi pa simenti pali chinyezi. Ndinagona ndi zovala zomwe. M'mawa nditatsegula kope n'kuona kabokosi kopanda kanthu, mtima unandisweka. Ndinadziuza kuti zonse zapita m'madzi, ndipo kwa miyezi iwiri sindinayalenso chitenje. Msana unabwerera pakale.

Ndiye ndinene mosapita m'mbali: kuwerenga masiku n'kumene kunandipha, osati ulendo. Munthu wapaulendo salamula tsiku lake. Amalamula ndi kondakitala, mvula, mlatho, bwana amene wasintha pulogalamu. Kulumbira kuti sudumphitsa n'kuika thupi lako m'manja mwa anthu amene sakudziwa n'komwe za lumbiro lako. Ndipo manambalawa, 30, 100, tawatenga pa Facebook. Ndimawaona achinyamata akukwera phiri la Zomba Loweruka kukajambulitsa ataima ndi mwendo umodzi pa Emperor's View, pomwe anaimapo mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie mu 1965, nyanja ya Chilwa ikuwala kumunsi. Malowo ndi okongola, ndimawakonda kwambiri, koma chithunzi sichionetsa munthu amene wagona pa matiresi obooka ndipo khosi lakana kutembenuka. Yoga ya wapaulendo ndi ya munthu ameneyo.

Amene anandibweza ndi amayi otsika ndi nkhuni mu msewu wa Ku Chawe. Ndinawaona m'mawa wina wa June, chiperoni chitakuta phiri, atatula mitolo m'mbali mwa msewu, akuwongola makosi ndi ziuno asanasenzenso. Palibe anali ndi kope. Ankangomvera thupi, kupuma, n'kupitiriza. Agogo ankati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo tsiku limenelo ndinaumva mwambiwo m'mafupa.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma mukakumana nayo. Kumidzi ena, ngakhale kutchalitchi kwathu, anthu akakuonani mutatukula manja dzuwa likutuluka adzafunsa ngati mwayamba kupembedza zina. N'zoona kuti yoga inachokera ku India ndipo mizu yake ili m'chipembedzo cha kumeneko. N'zoonanso kuti bungwe la United Nations mu 2014 linakhazikitsa 21 June kukhala tsiku la yoga padziko lonse, ndipo anthu a zikhulupiriro zosiyanasiyana amaichita. Ine ndimawayankha mwaulemu kuti ndikusamala msana, ndipo pemphero langa silinasinthe. Musakangane nawo, makamaka ngati akusungani m'nyumba mwawo. Tsekani chitseko, chitirani mkati.

Nanga mutani?

Masiku 100 asungeni, koma asakhale ondondozana. Mukadumpha lero, mawa mupitirize pomwe munalekera, osabwerera pa 1. Mphindi 10 zikwana, m'mawa musanadye, minibasi isanakutengeni. Mphasa ya labala ndi katundu wolemetsa. Zitenje ziwiri zopinda zimateteza maondo pa simenti. Tsiku lotopa, gonani chagada, miyendo mutsamiritse kukhoma, mupume mofatsa, ndipo tsikulo mulichonge. Pakabaya ngati singano lekani pomwepo, ndipo ngati muli oyembekezera kapena muli ndi BP, muyambe mwafunsa kuchipatala.

Ngati ntchito ikakufikitseni ku Nsanje kapena ku Karonga mu October, dzukani kusanache, chifukwa ikamakwana 7 koloko m'chipinda cha malata simupumika. Mukandilembere mukafika pa tsiku la 38.