Kachipangizo ka mu ubongo: kodi bambo angalankhulenso?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chawama, mu mzinda wa Lusaka. Bambo awo anadwala sitiroko chaka chatha, mbali ya kumanja inafa, ndipo mawu satuluka. Mayiwo anaona kavidiyo pa WhatsApp ka munthu wolumala akuyendetsa kompyuta ndi maganizo okha, koma kutchalitchi kwawo ena akuti kachipangizo kamene anamuika mu ubongo ndi 666. Akufunsa ngati ayembekezere kapena aope.

Amayi, pepani kwambiri ndi matenda a bambo. Kavidiyo kaja si kabodza. Munthu akafuna kusuntha dzanja, ubongo umatulutsa timagetsi tochepa kwambiri. Ngakhale msana utavulala, timagetsito timatulukabe, kungoti sitifika kudzanjako. Kachipangizoka kamatola timagetsi timeneti, ndipo kompyuta imaphunzitsidwa kwa masiku ambiri kuzindikira zimene munthuyo akufuna kuchita. Mwina amene munamuonayo ndi Noland Arbaugh wa ku America, yemwe anamuika kachipangizo ka Neuralink, kampani ya Elon Musk, mu Januwale 2024. Kali ndi timawaya 64 toonda kuposa tsitsi. Patangopita milungu yochepa timawaya tambiri tinasuntha pamalo pake, akatswiri n'kuchita kukonza pulogalamu kuti kapitirize kugwira ntchito. Zimenezi m'timavidiyo sazitchula.

Nkhani yoyandikira kwa bambo anu ndi ya Ann Johnson wa ku Canada. Sitiroko inamugwira mu 2005 ali ndi zaka 30, ndipo anakhala zaka 18 osalankhula. Mu 2023 madokotala a ku San Francisco, motsogozedwa ndi Edward Chang, atamuika kachipangizo pa ubongo, anaonetsa kompyuta ikulemba zimene iye ankayesa kunena, mawu pafupifupi 78 pa mphindi. Nditawerenga misozi inalengeza, chifukwa nanenso ndinasamalapo agogo anga amene ankandiyang'ana m'maso, pakamwa pakunjenjemera, osatha kunditchula dzina.

Koma apa ndisakunamizeni. Sitiroko ya Ann inawononga tsinde la ubongo, njira yopita ku lilime ndi milomo. Mawu onse anali nawo m'mutu. Munthu akafa mbali ya kumanja n'kusiya kulankhula, nthawi zambiri pamene pavulala ndi kumanzere kwa ubongo, pamene mawuwo amapangidwira. Pamenepo kachipangizo kangasowe chotola. Dokotala amene anaona sikani ya bambo ndiye angakuuzeni kuti pavulala ndi pati, ndipo musachite manyazi kumufunsa. Komanso zonsezi zidakali pa kafukufuku, anthu amene aikidwa ndi ochepa kwambiri, ndipo si chinthu chimene mungagule ngakhale mutagulitsa nyumba.

Za 666 sindikufuna kukangana ndi abusa anu. Ine powerenga Chivumbulutso 13 ndimaona chizindikiro chokakamiza, chogwirizana ndi kulambira chilombo, choti wopanda icho sangagule kapena kugulitsa. Mayi wofuna kuuza mwana wake kuti ali ndi ludzu sindimuonamo. Kabatire kamene madokotala amaika pachifuwa kuti mtima ugunde bwino tinakalandira kale.

Mantha anga ali kwina. Kampani ya Second Sight inaika zipangizo m'maso mwa anthu osaona oposa 350. Ndalama zitavuta inasiya kuzipanga mu 2019, anthu aja n'kutsala ndi chitsulo m'thupi popanda wochikonza. Zimenezi zinachitikira anthu a ku America ndi ku Ulaya. Nanga ife kuno, kumene sipeya ya galimoto timadikira mwezi? Kumbukirani 2024, madzi atachepa m'damu la magetsi la Kariba, mmene tinkadzukira pakati pa usiku kuti titchaje foni magetsi akangobwera. Kachipangizo ka Neuralink nako kamafuna kutchaja.

China n'chakuti zotuluka mu ubongozo zimasungidwa ndi ndani. Lero makinawa sangabe chinsinsi cha mumtima mwa munthu wongodutsa mumsewu, koma dziko la Chile silinadikire: mu 2021 linasintha malamulo ake aakulu kuti ateteze zochokera mu ubongo wa munthu. Chaka chomwecho Zambia inakhazikitsa Data Protection Act, lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu. Ndikufuna aphungu athu ayambe kufunsa msanga ngati lamuloli likukwanira pa nkhani ya ubongo, makampaniwo asanafike.

Kwa bambo, zimene zilipo lero ndi izi. Musadumphitse mankhwala a BP, chifukwa sitiroko imabwereza. Pitirizani mafizo, ku chipatala chachikulu cha UTH kapena kuchipatala chimene chili pafupi nanu, ndipo funsani ngati alipo wophunzitsa kulankhula. Dulani katoni, mujambulepo kapu ya madzi, mbale ya nsima, chimbudzi, bulangete, kuti aziloza ndi dzanja lamanzere. Ndipo madzulo muziwaimbira nyimbo za kutchalitchi zimene ankakonda, pang'onopang'ono, mukusiya mpata. Anthu ambiri amene sitiroko inawalanda mawu amatha kuimba ngakhale kulankhula kukukanika. Mudzandilembere mmene zayendera.