Maperesenti awiri pa tebulo limodzi, nditenge ati?

FUNSO: Ndili chaka choyamba ku koleji ndipo atipatsa ntchito yoyeserera ya kafukufuku wa alimi 200. Pa funso loti amathira manyowa kapena ayi, 90 anati inde, koma SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala a kafukufuku, ikuonetsa 45 pa Percent ndi 50 pa Valid Percent. Nditenge iti? Komanso regression yanga (masamu opezera mzere woongoka woonetsa mgwirizano wa feteleza ndi zokolola) yatuluka chonchi: chimanga = 8 + 3 × feteleza, zonse m'matumba. Ndiye kuti wothira matumba 20 akolola 68? Wophunzira, Zomba

YANKHO: Manambala onse awiriwo ndi oona, angosiyana chogawira. 45 wabwera pogawa 90 ndi alimi onse 200. 50 wabwera pogawa 90 ndi 180, kusonyeza kuti alimi 20 sanayankhe funsolo. Mu lipoti lembani 50, koma nenani kuti ndi mwa alimi 180 amene anayankha. Osayankhawo musawabise. Ngati ambiri mwa iwo sathira manyowa ndipo anangochita manyazi kunena, 50 uja wakokomeza.

Musanapite patali, onani mmene mayankho osowa analembedwera. Ambiri amaika 99 pamene munthu sanayankhe, ndipo mukapanda kuiuza SPSS kuti 99 ndi Missing (yankho losowa), imamuwerenga ngati yankho lenileni. Pa funso la feteleza mupeza mlimi wothira matumba 99, ndipo iye yekhayo akhoza kupotoza regression yonse.

Tsopano 8 ndi 3. Nambala 3 ikunena kuti mwa alimi ofunsidwawo, wothira thumba limodzi kuposa mnzake amakolola matumba pafupifupi 3 kuposa iye. 8 ndi zokolola zoyembekezeka kwa amene sanathire konse feteleza. Wothira matumba 4 tikumuyembekezera 20. Ngati anakolola 17, kusiyana kwa -3 ndiye residual yake. Jambulani ma residual onse pa galafu. Akapanga uta m'malo mongomwazikana, mzere woongoka sukugwirizana ndi zimene alimiwo ananena.

Za 68 zo, ayi. Bwererani ku tebulo la feteleza muone wothira kwambiri anafika pati. Ngati analekeza pa matumba 6, mzere wanu ukungolankhula za 0 mpaka 6 basi. Kupitirira apo n'kulosera kopanda umboni, ndipo aliyense wolima akudziwa kuti feteleza akachuluka m'munda umodzi, phindu la thumba lililonse lowonjezera limayamba kuchepa.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri n'kulemba kuti feteleza ndiye wabweretsa matumba 3 aja. Kafukufuku wongofunsa anthu sangatsimikize zimenezo. Wogula feteleza wambiri nthawi zambiri amakhalanso ndi munda waukulu, mbewu ya hayibulidi ndi ndalama zolipira aganyu opalira pa nthawi yake. Ngati maekala a munda anafunsidwa, awonjezereni mu regression, kapena werengerani feteleza ndi chimanga pa ekala imodzi, kenako muone ngati 3 uja watsika.