Zofunda zinayi mu sutukesi: yankho kwa amayi a ku Katete

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Katete, dzina ndilisunga. Akuti ali ndi zofunda zinayi za zigamba zimene anayamba kusoka pamanja, koma palibe chimene chatha. Choyamba anachiyamba pamene mwana wawo wamkazi anatomeredwa, kuti akamupatse pa kitchen party. Lero mwanayo ali ndi khanda kumbuyo. Funso lawo ndi ili: "Ndikatsegula sutukesi sindikumbuka kuti ndinalekera pati, ndiye ndimangotsekanso. Inu mumatani kuti ntchito isaime?"

Amayi, sutukesi yotereyo inenso ndili nayo pansi pa bedi, choncho sindikuyankhani ngati munthu wopanda mlandu.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ambiri timayamba chofunda tisanawerenge. Chofunda cha bedi la anthu awiri chimafuna mamita 2 m'lifupi ndi mamita 2.2 m'litali. Mukamasoka tizidutswa ta masentimita 10 mbali zonse, ndiye kuti mizere 22 ya tizidutswa 20, tonse pamodzi 440. Mukalumikiza tisanu madzulo alionse, pakufunika masiku 88, pafupifupi miyezi itatu, ndipo apo ndi pamwamba pokha, mkati ndi kunsi musanaike. Inu muli ndi zinayi. Si ulesi umene wakugwirani, ntchitoyo payokha ndi yaikulu.

Koma chimene ndaona pa ine ndekha n'chakuti ntchito siimira pa kusoka. Imaimira pa kudula. Kusoka kumangofuna miyendo yoikapo nsalu ndi singano, mungathe kusoka mukumvera wailesi kapena mukudikira nyemba kuti zipse. Kudula kumafuna tebulo, simbi yotentha, sizasi yakuthwa, kuwala kwa dzuwa ndi mutu wopanda phokoso. Tizidutswa todula kale tikangotha, madzulo amenewo simusoka, mawa lake chimodzimodzi, basi mwezi wapita. Ine ndimadula Loweruka masana, tizidutswa tokwanira sabata yonse, n'kutijambuliratu mzere wa msoko ndi pensulo kunsi kwake, mamilimita 6 kuchokera m'mphepete. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, anzanga a makina amagetsi anangopinda manja, ine ndikusoka ndi kanyale ka sola. Koma kudula ndi kanyale ayi. Usiku buluu wakuda ndi nsalu yakuda zimaoneka chimodzi, ndinaphunzira nditasoka mzere wathunthu molakwika.

Tsopano za kuiwala pamene munalekera. Tulutsani zonse mu sutukesi tsiku limodzi, muyale chilichonse pa mphasa pabwalo monga mmene mukufunira kuti chidzaonekere, ndipo mujambule ndi foni. Kenako chofunda chilichonse chikhale ndi thumba lakelake, pilokesi yakale imakwanira. M'thumbamo muikemo pepala lolembapo kukula kwa kachidutswa, mizere imene yatha, ndi chimene muyenera kuchita mukadzabwerera. Musalembe kuti "kupitiriza". Lembani kuti "mzere 9, ndiyambe ndi kofiira, ulusi wotuwa". Mizere yotha muiike manambala pa timapepala. Chopimira chimene mumadulira chikhalenso momwemo. Cha katoni chimadyeka m'mphepete, ndiye tizidutswa ta chaka chino timachepa kusiyana ndi ta chaka chatha ndipo makona sakumana. Dulani china pa chivundikiro cha pulasitiki cholimba, chimenecho sichisintha.

Ena amalangiza kuti muzisiya singano ili ndi ulusi pakati pa msoko kuti mukabwera mungopitiriza. Nzeru yake ndi yabwino, koma kuno kwathu mvula ikayamba mu Novembala singano imachita dzimbiri, ndipo dzimbiri pa nsalu yoyera limavuta kuchoka. Ulusi muuloweze, inde, ngakhale singano zitatu nthawi imodzi masana maso akuona bwino, koma muzibaye pa kachidutswa ka bulangeti osati pa chofunda. Ulusi usapitirire kutalika kwa chala mpaka pachigongono. Wautali umapota mfundo, ndipo mfundo ndiyo imatopetsa munthu kuposa kusokako. Mukaupaka phula la njuchi umayenda bwino.

Simunanene, koma ndikukhulupirira kuti pa zinayizo chilipo chimene chinaima chifukwa chitenje chinatha. Zitenje zimabwera n'kupita. Maluwa amene anadzaza pa msika wa Kapata ku Chipata chaka chino, chaka chamawa simuwapeza. Ine ndinazungulira Kapata, Saturday Market ndi Down Shops yonse kufuna chitenje chobiriwira cha nsomba, mpaka ndinatuma munthu wowoloka pa Mwami kuti akandionere ku Mchinji. Anabwera chimanjamanja. Musadikire chitenje chimene sichibwera. Gulani china chogwirizana nacho mtundu, ndipo ngati mizere simunailumikize, sakanizani chatsopanocho ponseponse kuti chioneke ngati munachita kufuna. Ngati pakati patha kale, chatsopanocho chizungulire m'mphepete. Chachikulu muchichape kaye chokha, chifukwa zitenje zina zimasuluka ndiponso zimafupika zikalowa m'madzi koyamba. Zotsalira za kwa atelala nazo muzisamala: muli thonje ndi poliyesitala mosakanikirana. Yatsani kaulusi kake ndi machesi. Thonje limapsa n'kusanduka phulusa lofewa, poliyesitala amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda.

Nanga muyambe ndi chiti? Alipo amene amati munthu azisoka chimodzi mpaka chithe. Ine sindivomereza kwenikweni, ngakhale ndikudziwa kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ziwiri ndi zabwino: china cha pakhomo, china cha m'chikwama. Cha m'chikwama chikhale cha tizidutswa ting'onoting'ono, monga tija ta mbali 6 tokutira pa pepala, njira yakale ya ku England. Timeneti mungasoke pamzere wa ku chipatala kapena basi ya ku Chipata ikudikira kudzaza. Mapepala ake dulani m'makope akale a ana, osati nyuzipepala, inki yake imadetsa nsalu. Kachidutswa kakalumikizidwa mbali zonse, pepala litulutseni.

Cha pakhomo chikhale chimene chili ndi mwini wake amene akudikira. Apa ndiye ndikupempheni mundimvere, amayi. Chofunda cha ukwati chija musachikakamize kuti chifike pa bedi lalikulu. Chisandutseni cha mdzukulu. Mita imodzi m'lifupi ndi 1.2 m'litali ndi tizidutswa 120 tokha, ndipo n'kutheka kuti timene munasoka kale takwana kapena tapitirira. Mkati muikemo bulangeti lopepuka, kunsi chitenje chimodzi chofewa, ndipo musoke misoko yoyandikana chifukwa za mwana zimachapidwa kawirikawiri.

Muyang'anenso nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ambiri tili kumunda, manja akhakhala, nsalu imakola m'ming'alu ya zala. Epulo ndi Meyi nshawa ndi chimanga. Ine nthawi imeneyo sindidzivutitsa, ndimangogwira ta m'chikwama tija. Kuphatikiza pamwamba, mkati ndi kunsi ndimachita mu Juni ndi Julayi, pamene chofunda chili pamiyendo chikukufunditsani mukusoka. Yesani zimenezo mu Okutobala, muona thukuta lake. Inu a ku Katete muli ndi Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, abale amabwera ku Mkaika kuchokera kutali. Ngati mwana wanu amabwera nthawi imeneyo, mumuuziretu lero kuti adzanyamula chofunda cha mwana. Mukanena pakamwa, manyazi okha adzakusoketsani.

Ziwiri zotsalazo, chimodzi chibwerere mu sutukesi ndi pepala lake, koma muzichitulutsa pa dzuwa nthawi ndi nthawi kuti chisachite nguwi. Chinacho, chimene mukachiona mtima sukondwa, pitani nacho kwa anzanu a chilimba kapena a chigwirizano. Changa chobiriwira cha nsomba chija ndinapereka kwa amayi ena a kutchalitchi, iwo anachizunguliza ndi nsalu yachikasu imene ine sindikanaiganizira, ndipo chili pa bedi la apongozi awo ku Chadiza.

Mukayala zinayizo pa mphasa munditumizireko zithunzi, makamaka cha ukwaticho. Ndikufuna ndiwerenge tizidutswa timene mwasoka kale tisanadule china chilichonse.