Sefa ya dziwe losambiramo: yamchenga, ya katiriji kapena ya DE?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akumanga dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba, mamita 8 mulitali, 4 mulifupi, kuya kwake mita imodzi ndi theka. Mmisiri wawauza kuti asankhe okha pakati pa sefa yamchenga, ya katiriji (yosefa ndi kansalu kopindapinda) ndi ya DE (yosefa ndi ufa wotchedwa diatomaceous earth), ndiye mutu waima. Agule iti?

Mayi, gulani yamchenga. Koma tiyambe tawerengera madzi, poti ambiri amalakwitsa pomwepa. Dziwe lanulo lilowa malita 48,000. Madzi onsewo azidutsa m'sefa kamodzi pa maola 8, ndiye kuti malita 6,000 pa ola. Pampu ikhale yokwanitsa zimenezi, koma sefa ikhale yotha kulandira madzi oposa amene pampu ikukankha. Pampu ikakula kuposa sefa, madzi amaboola tinjira mumchenga n'kudutsa ndi litsiro lomwe. Magetsi akungotha, madzi ali mbuu. Ngati pali ndalama yapadera, ipite ku sefa yaikulu, osati ku pampu yaikulu.

Kunena zoona, yosefa bwino kwambiri ndi ya DE. Imagwira tizinthu tating'ono mpaka mamaikironi 5 kapena kucheperapo (mamaikironi 1,000 ndiwo milimita imodzi), pomwe mchenga umagwira kuyambira pa 20 mpaka 40. Madzi ake amayera mbee. Vuto n'lakuti mukaitsuka muyenera kuthiramo ufa wake watsopano, ufawo si wabwino kuupuma, komanso suchedwa kukusowani. Ya katiriji ili pakatikati. Sitaya madzi ambiri potsuka, mumangoisolola n'kuipopera ndi paipi. Komatu fumbi la mwezi wa Okutobala mukulidziwa. Muzidzaisolola pafupipafupi, ndipo ikang'ambika mpaka muitanitse ina.

Yamchenga ndi yopirira. Magetsi akazima tsiku lonse madzi n'kuyamba ndere, mumathira klorini wambiri, kuyatsa pampu, kutsuka sefa kangapo, madzi n'kubwerera mwakale. Mchenga wake umatha zaka zitatu mpaka zisanu usanasinthidwe. Masefa ochokera ku South Africa amawatchula ndi matumba a mchenga omwe amalowa. Dziwe ngati lanu, ya matumba atatu ikuchitirani bwino.

Chonde, musalole kuti muthiridwe mchenga wa kumtsinje. Kwa mnzanga wina anatero pofuna kupulumutsa ndalama. M'mawa mwake tinapeza kamulu ka mchenga pansi pa dziwe, pansi penipeni pa kabowo kobwezera madzi, madzi ali ngati a m'chithaphwi. Pamafunika mchenga wa silika wosefedwa, wanjere zofanana, pafupifupi theka la milimita.

Chimene ndimadandaula nacho pa sefa imeneyi ndi madzi otayika. Kutsuka kwake, komwe amisiri amati backwash, kumataya malita mazana angapo nthawi imodzi. N'chifukwa chake musamatsuke mwachizolowezi Loweruka lililonse. Pamwamba pa sefa pali kageji koyeza mphamvu imene madzi akukankhira m'sefamo, pa muyeso wotchedwa psi. Tsiku loyamba, mchenga uli woyera, lembani ndi maka pomwe muvi waima. Ukadzakwera ndi 8 kapena 10 psi, pamenepo zimitsani pampu, tembenuzani chogwirira cha valavu ya sefa chifike pa backwash, yatsani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka madzi a m'kagalasi kam'mbali ayere. Kenako zimitsaninso, ikani pa rinse kwa theka la mphindi, mubwezere pa filter. Chogwiriracho musachitembenuze pampu ikuyenda. Mphira wam'kati amang'ambika, madzi n'kumathawira kungalande inu osadziwa. Wosamalira pabwalo mumuonetse zimenezi ndi manja anu tsiku lomwe sefa ifike.